Akulu a Mipingo Aleke Kutuma Achinyamata Chimanjamanja

Pali dandaulo limodzi limene likumveka pa maguwa a mipingo yambiri m'Malawi muno, ngakhale mipingo imene sigwirizana pa za ubatizo kapena pa za tsiku lopembedza, ndipo dandaulolo ndi lakuti achinyamata a masiku ano azirala, safuna kuuza anzawo za chikhulupiriro chawo, komanso kuti makhalidwe awo a m'kati mwa sabata sagwirizana ndi nyimbo zimene amaimba mokweza m'tchalitchi.

Odandaulawo ndi abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi apampando a makomiti, anthu omwewo amene amasunga makiyi a tchalitchi, makiyi a ofesi ndi makiyi a bokosi la chopereka. Mlandu umene akuukankhira kwa achinyamatawo ndi wawo womwe, pakuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndipo mtsogoleri amene akufuna kuti wachinyamata akagawire ena chikhulupiriro ayambe wayankha kuti iye anam'patsa chiyani choti akagawe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, kuti anthu 77 mwa anthu 100 alionse anati ndi Akhristu, ndiponso kuti oposa theka la anthu onse anali asanakwanitse zaka 18. Ziwerengerozi zikutanthauza kuti mpingo wa ku Malawi ndi mpingo wa ana ndi achinyamata, ndipo a imvi ndi kagulu kochepa chabe.

Koma amene angalowe mu seshoni, lomwe ndi bwalo la akulu a mpingo limene limagamula nkhani za mpingo, kapena mu khonsolo ya parishi, kapena mu komiti ya zachuma ya mpingo wa chipentekosite, angawerengemo nkhope zingati za anthu osakwana zaka 30?

Ntchito zimene achinyamata amapatsidwa n'zodziwika: kuimba kwaya, kunyamula mabenchi, kusesa pabwalo, kuumba njerwa za nyumba ya abusa, kukumba manda ndi kuvina pamsewu polandira mlendo wolemekezeka. Ntchitozi si zonyozeka ayi, koma zonse zimafuna msana ndi mmero, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imafuna mutu. Akafunsa za mmene chopereka chayendera amatchedwa amwano, akafuna kusintha kanthu amakumbutsidwa kuti iwo ndi mpingo wa mawa.

Mawa lake liti? Munthu wafika zaka 35, ali ndi ana atatu, kuntchito amayang'anira anthu ndi ndalama zankhaninkhani, koma kutchalitchi akadali mwana woti azitumidwa. Boma linamukhulupirira ndi voti ali ndi zaka 18, banki inamukhulupirira ndi ngongole, chipatala chinamukhulupirira ndi miyoyo ya odwala, koma mpingo wokha ndiwo ukudikirabe kuti akhwime.

Kamodzi pachaka kumabwera sabata ya achinyamata, pamene amaloledwa kukwera pa guwa, kuwerenga mawu ndi kulalikira, akuluakulu atakhala kutsogolo n'kumamwetulira. Sabatayo ikatha makiyi amabwerera m'thumba momwe anachokera, ndipo lipoti la pachaka limalemba monyadira kuti mpingo ukulimbikitsa achinyamata. Chilimbikitso chake n'chogometsa ndithu!

Kuchitira umboni, malinga ndi chiphunzitso cha mipingo yomweyi, ndiko kuonetsa kwa anthu ena chimene munthu amakhulupirira, ndipo kuli ndi mbali ziwiri zosalekanitsika, kunena ndi pakamwa ndi kuchita ndi manja. Kalata ya Yakobo m'Chipangano Chatsopano imalimbana ndi anthu ofuna kulekanitsa mbali ziwirizi, amene amadalitsa wanjala ndi mawu okoma n'kumusiya ndi njala yake. Atsogoleri ambiri a lero asankha mbali ya pakamwa, chifukwa ndi imene imamveka patali ndipo siwawonongetsa kanthu.

Motero wachinyamata waphunzitsidwa kuti kufalitsa uthenga ndiko kubwereka chinkuzamawu, kuima pa depoti ya mabasi kapena pamsika, kufuula mpaka mawu atasasa, kuwerenga manja amene akwezedwa, n'kukapereka nambala kwa abusa. Palibe amene amabwerera kukaona ngati mayi wogulitsa tomato amene anakweza dzanja ali ndi ufa m'nyumba, ngati mwana wake ali pasukulu, kapena ngati dzina lake linalembedwa n'komwe. Mpingo wakolola nambala, ndipo nambala ndi imene imawerengedwa ku msonkhano waukulu.

Tsono wachinyamatayo akabwerako kumsika, amaona chiyani m'nyumba ya Mulungu?

Amaona Paper Sunday, mwambo wosonkhetsa ndalama umene sulandira makobidi achitsulo. Mlendo wolemekezeka, kawirikawiri wandale kapena mkulu wa m'boma amene dera lonse likudziwa kuti malipiro ake sangagule galimoto imene wabwera nayo, amakhazikidwa pa sofa yotengedwa kunyumba ya abusa, atsikana a kwaya amamuvinira, mnyamata amagwada ndi lichero patsogolo pake, ndipo wotsogolera mwambo amalengeza pa maikolofoni ndalama zonse zimene zatuluka mu envelopu, amayi n'kumalulutira.

Palibe amene amafunsa kumene ndalamazo zachokera, koma abusa amaimirira n'kupemphera kuti Mulungu abwezere pamene zachoka. Ngati zachoka pa thumba la mankhwala a chipatala cha boma, pempherolo n'loyenera zedi.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma chisankho chikayandikira, malata, simenti ndi mayunifomu a kwaya zimafika pa matchalitchi motsatizana, ndipo woperekayo amapatsidwa mphindi zisanu zoti apereke moni zimene zimasanduka theka la ola la kampeni. Achinyamata amene akuuzidwa kuti asakonde za dziko ndi omwewo amene amatumidwa kukatsitsa simentiyo pa lole.

Mu Seputembala 2013 kunaululika kubedwa kwa mabiliyoni a kwacha ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka ndi dzina la Cashgate, pamene ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. M'dziko limene anthu atatu mwa anayi alionse ndi Akhristu, kodi onse amene anasaina mapepalawo anali anthu osadziwa khomo la tchalitchi? Kodi ndi mipingo ingati imene inabweza chakhumi chochokera m'manja otere?

Amaonanso mwambo wa mpingo ukugwira ntchito ndi diso limodzi. Mtsikana wa kwaya akatenga mimba amadulidwa, kutanthauza kuletsedwa kudya mgonero ndi kugwira ntchito iliyonse ya mpingo, dzina lake limalengezedwa pamaso pa onse, ndipo amayi ake amayenda chowerama. Mwini wake wa mimbayo akakhala munthu wa ndalama kapena wa udindo, nkhani imakambidwa usiku m'nyumba ya abusa, ndipo Lamulungu lotsatira amakhala ali pa benchi yake ya kutsogolo, buku la nyimbo lili m'manja.

Amaona masinodi a mpingo umodzi akukanganirana malire kwa zaka zambirimbiri, amaona abusa akukokerana ku khoti polimbirana mipando, amaona mpingo umene unali umodzi dzulo wasanduka iwiri lero chifukwa cha bokosi la chopereka.

Ndiye atuluke akamuuze chiyani mnzake wa kabaza kapena wa pa bawo, amene nkhani zonsezi akuzidziwa bwino kuposa iye? Chete wa achinyamata ambiri si kuzirala, koma ndi manyazi a munthu amene watumidwa kukayamikira katundu woti eni ake omwe sakumugwiritsa ntchito.

Otsutsa adzanena kuti achinyamata ndi opupuluma, kuti udindo umafuna munthu wokhwima, ndiponso kuti mawu a akulu amakoma akagonera. N'zoona kuti uphungu wa akulu ndi wofunika, koma uphungu umaperekedwa kwa munthu amene wagwira ntchito, osati kwa munthu amene waimitsidwa panja. Komanso amene amanena zimenezi aiwala mbiri ya mipingo yawo yomwe.

Robert Laws anali ndi zaka 24 pamene anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu 1875. William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale amene anatsegula njira pakati pa Angoni a kumpoto n'kumwalira ku Njuyu mu 1886, anafika kuno mu 1876 ali ndi zaka pafupifupi 30. Andrew Charles Murray anayamba mishoni ya Mvera mu 1889 asanakwanitse zaka 30. Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa pa mishoni ya Livingstonia mu 1881, ndiye anasiyiridwa ntchito ya ku Cape Maclear pamene amishoni anasamukira ku Bandawe, ndipo Harry Kambwiri Matecheta anapita ku Nthumbi pakati pa Angoni a ku Ntcheu mu 1893 akadali mnyamata.

Chikhristu sichinafike m'midzi ya dziko lino pa mapewa a nkhalamba. Chinafika ndi aphunzitsi achinyamata a m'masukulu a m'midzi, amene m'mawa ankaphunzitsa kuwerenga ndipo madzulo ankatsogolera mapemphero, kutali ndi diso la mmishoni aliyense. Akatolika amene amapemphera m'matchalitchi otchedwa ndi mayina a Kizito ndi Karoli Lwanga akudziwa kuti Lwanga anawotchedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda pa 3 Juni 1886 ali ndi zaka za m'ma 20, ndipo Kizito anali mwana wa zaka pafupifupi 14. Mwana wa msinkhu umenewo ndi woyenera kulembedwa pa chikwangwani cha parishi, koma mdzukulu wa zaka 25 si woyenera kuona buku la ndalama za parishiyo?

Mbiri yomweyo ili ndi chenjezo. Amishoni a Livingstonia anaphunzitsa anyamata anzeru, koma anazengereza kuwadzoza ubusa mpaka 1914, pamene Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa anadzozedwa. Charles Domingo, mmodzi wa ophunzira odziwika kwambiri pa mishoniyo, anadikira zaka zambiri mpaka anatopa n'kuchoka, ndipo Mwasi yemweyo anapatuka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. Chifukwa chimene azungu ankapereka ndi chomwechi chimene chikumveka lero, chakuti sanakhwime. Akulu a mipingo a lero, amene amadzudzula tsankho la amishoni pa zikondwerero za zaka 100, atengera mwambo womwewo, angosintha khungu n'kuikapo zaka.

Zotsatira zakenso sizinasinthe. Wachinyamata amene wamanidwa malo amapita kumene angamupatse maikolofoni, ndipo lero kumeneko ndi ku tenti ya mneneri amene amagulitsa mafuta odzozedwa, madzi ndi masitika, n'kumaphunzitsa kufesa mbewu, komwe ndi kupereka ndalama kwa munthu wa Mulungu poyembekeza kulandira zochuluka mozizwitsa. Kumeneko amatchedwa mwana wa papa, amanyamula chikwama cha papa, ndipo amabwerako ndi ngongole ya katapila. Mneneriyo ndi wolakwa, koma sanathyole khola. Anangotola amene anatayidwa panja.

Ena adzati vuto ndi foni, kuti Facebook, WhatsApp ndi TikTok zaononga ana. Foni ili ndi zonyansa zake, ndipo kubetcha pa mpira kudzera pa foni kwadya ndalama za fizi za ophunzira ambiri. Koma foni sinasaine cheke ku Capital Hill, foni sinakhazike wakuba pa sofa, foni sinadule mtsikana n'kusiya mwamuna. Foni yomweyo ndi imene achinyamata amawerengerapo Baibulo, amasonkhetserapo ndalama za mnzawo wodwala, ndiponso amaitanirana kukapereka magazi. Chimene akuluakulu ena amadana nacho pa foni n'chakuti imajambula, imasunga, ndipo siiwala zimene zinalalikidwa mwezi watha.

Umboni wakuti achinyamata sanazirale uli m'masukulu. Kumene amadzitsogolera okha, monga mu SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu a m'masekondale ndi m'makoleji, kapena mu YCS ya ophunzira achikatolika, amasankhana maudindo, amasunga ndalama, amalalikira, amayendera odwala m'zipatala ndi akaidi m'ndende, popanda malipiro ndiponso popanda wowakakamiza. Munthu amene anali wapampando wa gulu la ophunzira mazanamazana akamaliza sukulu n'kubwerera ku mpingo wa kwawo, amapatsidwa tsache. Kodi wazirala ndani pamenepa?

Chitsutso chachitatu ndi chija chakuti mpingo si wa ndale, ntchito yake ndi kupulumutsa mizimu, ndipo achinyamata asaphunzitsidwe kulowerera nkhani za ziphuphu ndi chilungamo. Yankho lake linaperekedwa kale pa 8 Malichi 1992, pamene m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene mutu wake unali wonena za kukhala moyo wa chikhulupiriro. Kalatayo inakamba za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za masukulu ndi zipatala, za kutsekera anthu popanda mlandu, ndi za ufulu wolankhula, pa nthawi imene kutchula zimenezi kunkatengera munthu ku ndende ya Mikuyu.

Boma linati kalatayo ndi youkira, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anaopsezedwa, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. M'mwezi wa Malichi womwewo ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba pamsewu pogwirizana ndi maepiskopiwo, koleji inatsekedwa, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Ndani anachititsa semina yolimbikitsa ophunzirawo? Ndani anawagawira malaya olembedwa vesi? Anaona akuluakulu ataika khosi lawo pa mpeni, ndipo anadzuka okha. Wachinyamata salimbikitsidwa ndi mutu wa msonkhano wolembedwa pa nsalu, amalimbikitsidwa ndi mtsogoleri amene wataya kanthu chifukwa cha choonadi.

Malo amene chikhulupiriro cha wachinyamata chimayesedwa sali pa guwa. Ali m'chipinda cha mayeso, pakuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa dziko lonse chifukwa mapepala anawukha, ndipo ana a sukulu analembanso mu Januwale 2021. Wophunzira amene mapepalawo anafika pa foni yake n'kukana kuwatsegula analalikira ulaliki woposa wa pa depoti, ngakhale palibe amene anamuwerengera manja. Koma ndi mipingo ingati imene imaphunzitsa za likasa, dzina limene ophunzira anapatsa zobera mayeso, kupatula kupempherera zolembera usiku woti mawa mayeso ayamba?

Malowo ali pa bwalo la mudzi, pamene gogo walozedwa chala kuti ndi mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pa zipolowe zotere miyala imanyamulidwa ndi manja achinyamata, ndipo ena mwa manjawo amaomba m'kwaya. Mnyamata amene angaime pakati pa gulu ndi gogoyo ndiye mboni, koma sangaime ngati mlaliki wake sabata iliyonse amamuuza kuti umphawi wake unachokera kwa agogo ake a kumudzi.

Ali pa khomo la mtsikana wa zaka 15 amene akukakamizidwa ukwati, ngakhale kuti lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017 zinaika zaka 18 ngati malire. Ali pa roadblock pamene wapolisi wachinyamata wapatsidwa ya fanta, pa sikelo ya wogula soya, pa kauntala ya mankhwala, ndi pa desiki ya kalaliki amene fayilo siyenda popanda kangachepe.

Analinso ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu. Anyamata amene anatenga makasu ndi mafosholo kukafukula anzawo sanadikire kalata ya seshoni. Mphamvu ilipo, chifundo chilipo, kulimba mtima kulipo. Chimene chikusowa ndi mpingo wodziwa kuti zimenezo ndiye chikhulupiriro chimene umati ukufunafuna.

Choncho mtsogoleri amene akufunadi kulimbikitsa achinyamata ali ndi ntchito zooneka ndi maso, ndipo palibe imene imafuna thandizo la kunja. Malamulo a mpingo asinthidwe kuti mu seshoni, mu khonsolo ndi mu komiti ya zachuma mukhale anyamata ndi atsikana okhala ndi voti, osati oitanidwa kudzatsegula ndi pemphero. Lipoti la ndalama lizimatidwa pa khomo la tchalitchi mwezi ndi mwezi, kuti wofunsa asatchedwenso wamwano. Mwambo wa mpingo ugwire mwamuna ndi mkazi, wolemera ndi wosauka, ndi dzanja limodzi. Envelopu ya munthu amene chuma chake chili ndi mafunso ibwezedwe, ngakhale tchalitchi chikhale chopanda denga chaka china.

Ulendo wokalalikira usamathere pa kuwerenga manja, koma gulu limene lapita kumsika lizibwererako, lidziwe mayina, lidziwe odwala, lidziwe ana amene asiya sukulu. Ndipo wachinyamata amene wachotsedwa ntchito chifukwa chokana chinyengo aimikidwe kutsogolo, mpingo umuthandize lendi, pakuti ngati mpingo uli ndi sofa ya wakuba, sungasowe mpando wa munthu woona mtima.

Achinyamata nawonso asayese kuti kulakwa kwa akulu ndi chilolezo choti iwo agone. Mnyamata safuna kalata ya abusa kuti akane chiphuphu, mtsikana safuna chidindo cha parishi kuti auze mnzake chifukwa chimene iye amapempherera, ndipo onse ali ndi ufulu wofika pa msonkhano wa mpingo, kukweza dzanja mwaulemu, n'kufunsa funso limene aliyense akuliopa. Ulemu kwa akulu sutanthauza kuombera m'manja chinyengo.

Koma ngongole yaikulu ili kwa amene agwira makiyi. Mtsogoleri amene sangathe kubweza envelopu, amene sangathe kuonetsa buku la ndalama, amene sangathe kugawana mpando ndi munthu wa zaka 25, asiye kulalikira za kuzirala kwa achinyamata, chifukwa ulaliki umenewo achinyamatawo anaumva kale, anauyerekeza ndi zochita za mlaliki, ndipo ambiri a iwo apereka kale chigamulo chawo ndi mapazi.